Linga Lopanda Khoma

Akuluakulu ambiri a m'boma la Nkhotakota akamapita kumene kuli msika waukulu, chipatala ndi maofesi, sanena kuti akupita ku tauni. Amati akupita ku Linga. Dzinali lazolowereka moti mwana wobadwira komweko akhoza kukula mpaka kumera ndevu osadzifunsa tanthauzo lake. Komatu linga si mpanda wa bafa kapena wa dimba. Ndi mpanda wa nkhondo, tchinga limene anthu amamanga akadziwa kuti kunja kuli ofuna moyo wawo. Lero mukhoza kuyenda kuyambira pa msewu wa M5 kutsikira kunyanja osapeza chipupa chimene mungaloze n'kunena kuti linga lija ndi ili. Mitengo inadyedwa ndi chiswe, dothi linasungunuka ndi mvula. Chatsala ndi dzina, ndipo dzinalo ndi limene ndakhala ndikulisinkhasinkha kuno ku Nancholi, kumene ndimaphunzitsa ana pa madrasa, kutali ndi fungo la usipa wa pa thandala.

Mayi anga, Allah awachitire chifundo, anabadwira ku Linga, ndipo tchuthi chilichonse cha ubwana wanga ndinkakhala pakhomo pa agogo, kamtunda pang'ono kuchokera pa doko lakale. Kuno ku Blantyre munthu akaona kofia pamutu panga amayamba kundipatsa moni m'Chiyao. Ndimayankha ndithu, pakuti zaka zimene ndakhala ndi anansi a ku Mangochi ndi ku Machinga zandiphunzitsa chiyankhulo chawo. Koma ndikanena kuti ndine Mchewa, ndi kuti kwathu takhala tikuswali kwa mibadwo isanu, ena amandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. Kwa anthu ambiri a m'tauni muno Msilamu ndi Myao, Myao ndi Msilamu, nkhani yathera pomwepo. Sadziwa kuti Chisilamu chinalowa m'dziko muno pa makomo angapo, ndi kuti limodzi mwa makomo oyambirira linali doko la pakati pa Achewa.

Amene anafikapo pa dokolo akudziwa chimene chinakopa amalonda. Pali mchenga wautali wolowa m'nyanja ngati mkono, umene anthu amautcha Sungu, ndipo kuseri kwake madzi amakhala bata ngakhale mwera utakwiya. Kumbuyo kuli madambo achonde, ndipo kupitirira apo njira zimakwera zitunda kulowera ku Kasungu ndi ku chigwa cha Luangwa, kumene njovu zinali zosawerengeka. Kutsidya kuli gombe limene lero ndi la Mozambique, ndipo kumeneko kunkayambira njira yapansi yopita ku Kilwa, kunyanja ya mchere. Munthu wa malonda sakanapempha zoposa apa.

Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wotchedwa Salim bin Abdallah. Anabwera ngati mlendo wopempha malo, ndipo mafumu a Achewa, mwa iwo Malengachanzi, anamulandira. Iye ndi amene analowa m'malo mwake ankadziwika ndi udindo wakuti Jumbe, ndipo ankadziwerengera kuti ndi nthumwi za Sultani wa ku Zanzibar. Anabweretsa nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Ankatenga minyanga ya njovu ndi anthu. Anabweretsanso luso lokhoma zombo za matanga, zimene zinkaoloka nyanja zitasenza katundu woti bwato la mtengo umodzi silikananyamula.

Chimene chinasandutsa mlendoyu kukhala mwini mudzi ndi mantha a anthu. Zaka zimenezo Angoni ankathira nkhondo midzi ya Achewa, ndipo munthu wa mfuti zambiri anali ngati mtengo wa mthunzi m'mwezi wa Okutobala. Mabanja anathawira kwa Jumbe, namanga nyumba zawo pafupi ndi yake, ndipo mudzi unakula mpaka Azungu amene anafika pambuyo pake ankauwerengera pakati pa midzi ikuluikulu ya chigawo chino cha Africa. Apa ndi pamene pagona mtima wa nkhani yonse. Linga lomwelo limene linkapulumutsa wothawa nthungo ya Mngoni ndi limenenso linkatsekera munthu womangidwa goli, woyembekezera chombo. Amayi awiri ankatha kugona usiku umodzi m'mudzi umodzi, wina akuthokoza kuti wafika, wina akulira kuti wafika.

Nkhani ya ukapolo sindiizemba, ngakhale ndikudziwa kuti m'nyumba zathu zambiri imakambidwa monong'ona kapena siikambidwa n'komwe. David Livingstone anadutsa gombe limeneli mu 1861 ali pa bwato, nabweranso wapansi mu 1863, ndipo anapeza amisiri akukhoma chombo chatsopano chooloketsera katundu wa Aswahili, kuphatikizapo akapolo. M'buku la ulendo wake wa ku Zambezi analembamo zimene anamva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, Rigby, kuti anthu 19,000 ochokera m'dera la nyanja yathu ino ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya chilumbacho chaka chilichonse. Si onse amene ankaolokera pa Nkhotakota, pakuti madoko analipo enanso, ndipo chiwerengerocho sichikuphatikiza amene anatsala m'njira. Koma ngakhale titachidula pakati, n'kuchidulanso pakati, chotsalacho ndi midzi yathunthu ndi mafumu ake omwe.

Agogo anga ankaidziwa nkhaniyi, koma osati ya m'buku. Madzulo ena, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikutola timiyala mumpunga pa lichero, anandiuza kuti agogo awo aakazi sanabadwire ku Linga. Anafika ali kamtsikana, atamangidwa chingwe chimodzi ndi anthu ena, kuchokera kumtunda. Dzina la mudzi wa kwawo linatayika m'njira, ankangokumbukira phiri ndi mtsinje. Tsiku loti aoloke anapezeka ndi zilonda m'miyendo, ndipo mwini chombo anawakana. Anatsala, nakhala wosinja mpunga pakhomo pa mmodzi wa akapitawo a Jumbe, kenako anakwatiwa ndi mmisiri wa zombo. "Ndiye iwe mdzukulu wanga," anatero agogo, maso ali pa lichero, "uli ndi magazi a wokhoma chombo, ulinso ndi magazi a amene chombocho chinkawadikira. Usamanyade kwambiri. Usamachitenso manyazi kwambiri." Atatero anandituma kukatunga madzi, ndipo sanaibwerezenso nkhaniyi kufikira tsiku limene tinakawaika.

Mabanja otere ku Linga ndi ambiri, ndipo akuluakulu amadziwana kuti uyu anachokera kwa yani. Amasunga pakamwa pofuna kusunga mtendere wa maukwati ndi wa mumzikiti, mmene mdzukulu wa kapolo ndi mdzukulu wa mbuye wake amaima phewa ndi phewa pa mzere umodzi, ndipo nthawi zina wa kapoloyo ndi amene amatsogolera swala. Ine sindiwadzudzula akuluakuluwo. Koma kukhala chete kuli ndi mtengo wake, ndipo amene akuulipira ndi ana.

Chaka chatha mtsikana wina wa m'kalasi langa anafika ku madrasa maso ali ofiira. Kusukulu anali ataphunzira za malonda a akapolo, ndipo pa nthawi yopuma anzake anamuzungulira n'kumamutcha mdzukulu wa Jumbe. Mwanayo kwawo ndi ku Namwera, ku Nkhotakota sanapondeko, koma mpango wa kumutu unali wokwanira kumupezera mlandu. Anandifunsa kuti, "Ustazi, kodi n'zoona kuti Asilamu ndi amene ankagulitsa anthu?" Ndinamuuza kuti n'zoona, Asilamu ena ankagulitsa anthu, ndipo kuba munthu mfulu n'kumugulitsa ndi tchimo lalikulu ngakhale wochitayo atakhala ndi chipsera cha sijida pamphumi. Ndinamuuzanso kuti mafumu ena osalowa mumzikiti ankagulitsa anansi awo kuti apeze mfuti. Kuti Apwitikizi ankachita malonda omwewo m'chigwa cha Zambezi. Kuti minyanga inkathera ku Europe ndi ku America kumene ankapangira mabatani a piyano. Kuti akapolo ena ankakalima zokometsera zakudya zotchedwa karafuu ku Zanzibar ndi ku Pemba, ndipo ena ankakadula nzimbe m'minda ya Afalansa pa zilumba za nyanja ya India. Anamvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti yankho lalitali silichiza bala la mawu afupi. Chimene mwanayo ankasowa si mndandanda wa anthu ena olakwa. Ankasowa malo oti aimepo n'kuona ndi maso ake kuti mbiri ya anthu ake ndi yaikulu kuposa dzina limodzi limene anzake ankamunyoza nalo.

Ulamuliro wa a Jumbe sunakhalitse, unangopitirira pang'ono zaka makumi asanu. Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, anali munthu wodziwa kuwerenga mphepo. Mu 1889 anachita pangano ndi Harry Johnston, amene anadzakhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda m'dziko muno, navomera kukhala pansi pa Britain ndi kumalandira ndalama chaka ndi chaka. Mmodzi wa akapitawo ake, Chiwaula, anamupandukira, nakhazikika m'mudzi wa khoma la dothi lalitali kuposa munthu, kamtunda kuchokera kunyanja. Mu 1893 asilikali a Johnston anaugonjetsa mudziwo. N'zoseketsa pang'ono kuti linga limene mabuku a nthawi imeneyo amalifotokoza bwino m'derali ndi la wopanduka, osati la mwini doko. Tawakali Sudi anamwalira mu 1894, ndipo amene analowa m'malo mwake sanakhalitse: anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar. Mu 1895 Mlozi anapachikidwa ku Karonga ndipo mphamvu ya Makanjira inathyoledwa. Zombo za akapolo zinaleka kuoloka.

M'zaka zomwezo amishoni a Anglican anamanga pa Kota Kota, monga ankalembera dzinali atsamunda. Bishopu wawo, Chauncy Maples, anamira m'nyanja mu 1895 ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints pa Linga pomwepo. Makolo athu ambiri ankaopa kutumiza ana ku sukulu ya mishoni poopa kuti akabwerako ndi dzina lina, ndipo mantha amenewo, ngakhale anali ndi chifukwa, anatisiya m'mbuyo pa maphunziro kwa zaka zambiri. Komabe chipatala cha St Anne's sichinafunse munthu chipembedzo chake pa khomo, ndipo Asilamu osawerengeka a ku Linga anabadwira m'menemo. Belu ndi adhana zakhala zikumveka m'mudzi umodzi kwa zaka zoposa zana.

Chimene amakonda kuchiiwala amene amangolumikiza Chisilamu ndi goli n'chakuti Chisilamu sichinagwe pamodzi ndi Jumbe. Chikanakhala chipembedzo cha mfuti chabe, chikanatha mfutizo zitalandidwa. M'malo mwake chinazika mizu pambuyo pake, m'manja mwa anthu opanda asilikali: a mwalimu ophunzitsa ana pa matabwa pansi pa mitengo ya mango, amayi osunga mwambo wa maliro ndi wa ziyala, amalinyero ndi osoka zovala. Mu 1929 mayi wina wa ku Nkhotakota, Mtumwa binti Ali, amene anakhala zaka zambiri ku Zanzibar, anabwerera kwawo ndi chilolezo chophunzitsa njira ya Qadiriya, ndipo amuna ndi akazi omwe anaphunzira kwa iye. Za sikiri ndi mikangano yake, imene yagawanitsa mizikiti ina kufikira lero, sindilowamo pano. Aliyense akudziwa mbali yake. Ndikungofuna kuti atsikana athu adziwe kuti mmodzi wa aphunzitsi otchuka m'mbiri ya Chisilamu m'Malawi anali mkazi wa pa doko limeneli.

Zina zimene dokoli linatisiyira timazidya osadziwa. A Jumbe analimbikitsa ulimi wa mpunga m'madambo a Nkhotakota, ndipo mpaka lero munthu wochokera kumeneko akabwera ku Blantyre chimanjamanja, wopanda kathumba ka mpunga, abale amamuyang'ana modandaula. Liwu lakuti futali, limene Mmalawi aliyense amalitchula akafuna mbatata kapena chinangwa chotendera nsinjiro, ndi mbale wake wa futari ya Chiswahili, chakudya chomasulira swaumu dzuwa likalowa. Mkhristu wa ku Ndirande akamadya futali m'mawa amakhala akudya chakudya cha Ramadhani pa nthawi yolakwika, ndipo palibe amene angamuletse.

Nditamaliza maphunziro anga a chipembedzo ndinapeza mwayi wofika kumapeto ena a njira ija, ku Kilwa, kummwera kwa gombe la Tanzania. Akapolo a m'zaka za a Jumbe ankafikira ku Kilwa Kivinje, tauni ya kumtunda. Koma Kilwa yakale kwambiri ili pa chilumba, Kilwa Kisiwani, ndipo munthu amaolokerako pa bwato kuchokera ku Kilwa Masoko atatenga chilolezo ku ofesi yoyang'anira zakale. Kumeneko makoma alipo, a miyala ya m'nyanja yomangidwa ndi laimu. Ndinalowa mu Mzikiti Waukulu, pansi pa madenga ake obulungira, mzikiti umene mbali zake zina zinamangidwa zaka mazana ambiri Mzungu woyamba asanaone gombe limenelo. Ndinakwera ku Husuni Kubwa, nyumba yachifumu imene Sultani al-Hasan bin Sulaiman anamanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, yokhala ndi dziwe losambira la ngodya zisanu ndi zitatu loyang'ana kunyanja. Woyendayenda wa ku Morocco, Ibn Battuta, anafika pa chilumbachi mu 1331 ndipo anayamikira kukongola kwa tauniyo. Chuma chake chinali golide wochokera ku mapiri a Zimbabwe kudzera pa doko la Sofala, ndipo ndalama ya mkuwa ya ku Kilwa inapezekadi m'mabwinja a Great Zimbabwe. Mu 1505 Apwitikizi, motsogozedwa ndi Francisco de Almeida, analanda tauniyo, ndipo kuyambira pamenepo sinabwererenso pa ulemerero wake woyamba. Bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1981.

Ndinachita nsanje, sindibisa. Mwana wa ku Kilwa safunika kuuzidwa kuti makolo ake ankadziwa kumanga, kuwerenga ndi kuchita malonda ndi mayiko akutali, amangogwira khoma. Ife makoma athu anali a mitengo ndi dothi, ndipo mbiri yomangidwa ndi dothi imafuna pakamwa pa munthu kuti ikhale ndi moyo. Koma ndinaonanso kuti miyala payokha siyankhula. Mnyamata amene ankatiperekeza, mwana wa pa chilumba pomwepo, ankadziwa mayina a masultani ndi zaka zawo, ankadziwanso kunena za ukapolo osatsitsa mawu ndi osakweza mapewa. Atafika pa manda anaima, napereka salamu kwa ogona, natidikira kuti nafe titero. Chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Kilwa si chithunzi cha makoma koma khalidwe la mnyamata ameneyo.

Alendo amafika ku Nkhotakota, ndipo chowakopa chilipo chambiri. Ambiri amabwerera nkhalango ya nyama, imene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ndimaganiza kuti Jumbe woyamba atadzuka n'kumva kuti lero njovu zikubwera ku Nkhotakota pa malole, zamoyo, ndi minyanga yake ili pakamwa, akhoza kupempha kuti amufotokozerenso kachiwiri. Ena amabwerera mtsinje wa Bua ndi mpasa zake, ena mbalame za pa thamanda la Chia, ena akasupe a madzi otentha a ku Chawira, ena mbiya ndi makapu a ku Nkhotakota Pottery. Okonda ndale amafuna kuona malo amene chipani cha Malawi Congress Party chinachitira msonkhano wake waukulu mu 1960. Ndipo Ilala ikaima kutali ndi gombe, mabwato n'kumapita kukatenga anthu ndi matumba awo, mlendo amaona ndi maso ake kuti dokoli silinafe.

Koma mlendo wofuna mbiri ya mudzi weniweniwo kawirikawiri amapatsidwa mtengo umodzi. Amamutengera pa mkuyu waukulu uja, namuuza kuti apa ndi pamene Livingstone anakhala ndi Jumbe n'kumuuza kuti aleke malonda a akapolo. Mlendo amajambula chithunzi, napereka kangachepe, nakwera galimoto. M'mphindi khumi zokha waphunzira kuti kunali Mluya woipa, kunabwera Mzungu wabwino, ndipo anthu akuda anangokhala pansi kuonerera. Samva kuti malondawo anapitirira zaka makumi atatu kuchokera pa ulendo wa Livingstone uja. Samva za Achewa amene anathawira m'linga, za amisiri a zombo, za amayi osinja mpunga, za Mtumwa binti Ali. Mtengowo ndi wokongola ndipo uyenera kusamalidwa, koma wasenzetsedwa katundu woposa nthambi zake.

Ife eni akenso tili ndi njira yathu yofupikitsira nkhani. Pa maulaliki ena mumamva Jumbe akutchulidwa ngati munthu amene anangobwera ndi Qur'an m'manja, osatchula zimene zinali m'chombo chake pobwerera. Zimenezi ana athu adzazitulukira okha, ndipo akadzatulukira kuti tinawabisira theka, adzakayikira ndi theka limene tinawauza zoona. Ine ndingakonde mwana amve kwa ine, mphunzitsi wake, kuti munthu mmodzi yemweyo anamanga mzikiti ndipo anamanganso anthu, kusiyana ndi kuti akazimve pa bwalo la sukulu kwa anzake omuseka.

Mu 2011 dziko lathu linapereka ku UNESCO mndandanda wa malo a njira za akapolo ndi maulendo a Livingstone kuti adzaganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse, ndipo Nkhotakota ilimo: mzikiti wakale, manda a a Jumbe ndi akapitawo awo, doko, ndi mkuyu uja. Tsiku limene malowa adzavomerezedwe kudzabwera akatswiri ndi zikwangwani zawo, ndipo zimene zidzalembedwe pa zikwangwanizo zidzachokera kwa amene anali okonzeka kuyankhula. Ngati mabanja a ku Linga adzakhale asanasonkhanitse zimene akudziwa, mbiri yawo idzalembedwa ndi ena, m'chiyankhulo china, ndipo zidzukulu zawo zidzaiwerenga ngati alendo.

N'chifukwa chake ndikupempha inu a m'mbali mwa nyanja, a ku Linga makamaka, komanso a kwa Makanjira, a ku Mponda ndi a ku Karonga amene muli ndi nkhani zofanana ndi zimenezi. M'nyumba zambiri muli foni yotha kujambula mawu. Muli agogo amene anamva kwa agogo awo. Khalani nawo pansi swala ya Asr ikatha, musawafulumize, musawakonze akanena zimene simukuzikonda. Afunseni mayina a malo, kumene zombo zinkakhomedwa, mitengo imene amisiri ankasankha, mmene ankadziwira kuti mwera walola kuoloka. Ena adzakana kutchula za ukapolo m'banja mwawo, ndipo umenewo ndi ufulu wawo. Jambulani zimene alola. Makomiti a mizikiti angathe kusankha achinyamata awiri kapena atatu odziwa Chingerezi ndi adabu, oti aziperekeza alendo ku mzikiti wakale ndi ku manda, kuwauza mwaulemu za kavalidwe ndi za kuvula nsapato, ndi kuwafotokozera nkhani yonse. Ndalama imene mlendo angasiye ikhoza kugula makasu olambulira manda. Si ntchito yodikira thandizo la kunja.

Kuno ku Nancholi makolo a ana a kalasi langa lalikulu avomera kuti tchuthi chikubwerachi, in shaa Allah, ndipite nawo anawo ku Linga. Akhala akusonkha pang'onopang'ono kuyambira Eid itatha. Tidzanyamuka pa Wenela kusanache, kudzera ku Zalewa, Golomoti ndi Chipoka, n'kukaswali Dhuhr pa Salima; kenako Benga, mlatho wa Chia pamene amayi amakweza nsomba m'mwamba galimoto ikamachepetsa liwiro, ndipo dzuwa likamapendeka tidzakhala tafika. Ambiri mwa anawa nyanja sanaionepo. Anakulira pakati pa phiri la Soche ndi msewu wa ku Chikwawa, ndipo madzi aakulu amene amawadziwa ndi a mtsinje wa Mudi ukasefukira. Malume anga avomera kuti anyamata adzagone pa khonde pawo, atsikana m'nyumba ndi azakhali, ndipo achenjeza kale kuti ana a m'tauni asadzanyoze kondowole.

Mtsikana uja wa maso ofiira ndi amene analembetsa dzina lake poyamba. Sabata yatha, titamaliza phunziro, anatsalira n'kundifunsa kuti, "Ustazi, tikadzafika pa manda a Jumbe, tidzawapempherere kapena ayi?" Ndinamuuza kuti tidzapereka salamu monga timachitira pa manda a Asilamu alionse, ndipo tidzawapemphera chikhululuko, pakuti amene ali ndi milandu yambiri ndi amene akuchisowa kwambiri, ndipo woweruza pakati pa iwo ndi amene anawamanga si ife. Tikadzachoka pamenepo tidzatsikira ku doko. Kumeneko kulibe manda oti n'kuwaloza, koma tidzaima pamchenga kuyang'ana kum'mawa, kumene mapiri a Mozambique amaoneka kukakhala kopanda nkhungu, ndipo ndidzawauza anawo za kamtsikana ka zilonda m'miyendo kamene mwini chombo anakakana, ndi za anzake a pa chingwe chomwecho amene anawalola kukwera.